José Raúl Capablanca: wogwira ntchito m'boma yemwe adatha zaka 8 osagonja pa chess

Pa mndandanda wa anthu omwe adakhalapo akatswiri a dziko lonse lapansi pa masewero a chess, dzina la malemu José Raúl Capablanca wa m'dziko la Cuba limatchulidwa mwaulemu wapadera, ngakhale kuti ukatswiriwo adausunga zaka 6 zokha, kuyambira 1921 kufikira 1927. Mkuluyu, yemwe adamwalira m'chaka cha 1942, adali wogwira ntchito mu unduna woona za ubale wa dziko lake ndi maiko akunja, ndipo malipiro a boma ndi omwe adamupatsa mpata woyendera mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America kukapikisana ndi akadaulo anzake.

Achinyamata a ku Area 47, Kawale, Biwi kapena Area 25 mumzinda wa Lilongwe omwe akuphunzira chess kusukulu kapena pafoni zam'manja amadziwa kwambiri maina a Garry Kasparov ndi Magnus Carlsen, komanso Amon Simutowe wa ku Zambia yemwe adalandira udindo wa grandmaster m'chaka cha 2009. Dziko la Malawi, lomwe masewerowa amayendetsedwa ndi bungwe la Chess Association of Malawi, silidatulutsebe munthu wa udindo umenewu. Mbiri ya Capablanca ndi ya munthu wochokera pachilumba chaching'ono, chomwe pa kubadwa kwake chidali chidakali pansi pa atsamunda, koma adafika pogonjetsa akatswiri a maiko olemera.

Capablanca adabadwa pa 19 Novembala 1888 mumzinda wa Havana, nthawi yomwe dziko la Cuba linkalamulidwa ndi dziko la Spain. Bambo ake, a José María Capablanca, adali msilikali waudindo m'gulu lankhondo la Spain. Malinga ndi zomwe mwini wake adalemba atakula, palibe yemwe adamukhazika pansi kumuphunzitsa malamulo a masewerowa. Ali ndi zaka 4 ankangoonerera bambo ake akusewera ndi mnzawo, kufikira tsiku lina pomwe adawadzudzula kuti ayendetsa hatchi molakwira lamulo. Bambowo adamuuza kuti akhale pabolodi aonetse zomwe akudziwa, ndipo mwanayo adawagonjetsa. Nkhani za ubwana wa anthu otchuka kawirikawiri zimathiridwa mchere, koma zomwe zidatsatira zili m'mabuku ndipo palibe amazitsutsa. Kumapeto kwa chaka cha 1901, akukwanitsa zaka 13, adapikisana ndi katswiri wa dziko la Cuba, Juan Corzo, ndipo adapambana magemu 4, kugonja 3 ndi kufanana mphamvu 6. Miyezi ingapo pambuyo pake, pa mpikisano wa dziko lonse la Cuba wa 1902, Corzo adabweza chipongwe pomugonjetsa kawiri ndipo mnyamatayo adathera pa nambala 4.

Makolo ake sadaganizepo zoti chess ingakhale ntchito. Adamutumiza ku America kukaphunzira, ndipo adalowa yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York kuti adzakhale injiniya. Kumeneko mtima wake udagawikana pakati pa mabuku, masewero a baseball ndi kalabu ya Manhattan Chess Club komwe adadziwika msanga chifukwa cha liwiro lake poganiza. Mabuku ndi omwe adagonja, pakuti adasiya sukulu asadamalize. Kumayambiriro kwa 1909 adayendera mizinda 27 ya ku America akusewera ndi anthu ambiri nthawi imodzi, iye akuyenda kuchoka pabolodi ina kupita pa ina, ndipo mwa magemu oposa 600 adagonja ochepa kwambiri. Izi zidachititsa kuti papezeke ndalama zokonzera mpikisano pakati pa iye ndi Frank Marshall, katswiri wamkulu wa dziko la America panthawiyo. Zotsatira zake zidadabwitsa anthu: Capablanca adapambana magemu 8, adagonja imodzi yokha, ndipo 14 adafanana mphamvu.

Marshall adaonetsa mtima wabwino womwe sumapezeka kawirikawiri pakati pa anthu opikisana. M'chaka cha 1911 mumzinda wa San Sebastián ku Spain mudakonzedwa mpikisano wa akadaulo okhaokha, ndipo woitanidwa ankayenera kukhala yemwe adachitapo bwino m'mipikisano ikuluikulu. Capablanca adalibe mbiri yotero, koma Marshall adaumirira kuti mnyamata yemwe adamuchititsa manyaziyo aitanidwe. Ossip Bernstein ndi Aron Nimzowitsch adadandaula kuti walowa mopanda chilungamo. Mwangozi, gemu yoyamba idamugwetsa pa Bernstein yemweyo, ndipo Capablanca adamugonjetsa mwaluso kotero kuti gemuyo idalandira mphoto ya gemu yokongola koposa. Adatenga chikho ndi mapointi 9½ mwa 14, patsogolo pa Akiba Rubinstein ndi Milan Vidmar. Owerenga omwe sadazolowere kawerengedweka adziwe kuti wopambana gemu amalandira pointi imodzi, ndipo akafanana mphamvu aliyense amalandira theka.

Chaka chomwecho adapempha kupikisana ndi katswiri wa dziko lonse, Emanuel Lasker wa ku Germany, yemwe adakhala pampandowo kuyambira 1894. Nthawi imeneyo kudalibe bungwe loyendetsa chess padziko lonse, choncho katswiri ankasankha yekha wopikisana naye ndi kuika yekha malamulo. Lasker adapereka mfundo 17 zoti zitsatidwe, Capablanca adakana zina mwa izo ponena kuti zikukondera mwini mpando, awiriwo adakwiyitsana ndipo zokambirana zidathera pomwepo.

Mu Sepitembala 1913 boma la Cuba lidamulemba ntchito mu unduna wa zakunja, ndipo ulendo wake woyamba udali wa ku ofesi ya dziko lake mumzinda wa St Petersburg ku Russia. Kunena zoona, iyi sidali ntchito yoti munthu azikhala pa desiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo akudinda makalata. Akuluakulu a ku Havana adaona kuti mnyamata wovala bwino, wolankhula zinenero zingapo ndi wodziwa kucheza ndi anthu apamwamba adzatchukitsa dzina la dziko lawo kuposa nthumwi wamba, ndipo adamulola kuti aziyenda kulikonse komwe kuli mpikisano. Alipo omwe anganene kuti uku kudali kudya ndalama za boma popanda thukuta. Koma tikayang'ana m'mene anzake ambiri adavutikira, nzeru ya bomalo imaoneka. Wilhelm Steinitz, katswiri woyamba wa dziko lonse, adamwalira ali mmphawi mu 1900, ndipo Carl Schlechter, yemwe adafanana mphamvu ndi Lasker pa mpikisano wolimbirana mpando mu 1910, adamwalira mu 1918 atafooka ndi njala ya nthawi ya nkhondo. Capablanca sadade nkhawa ndi chakudya chamawa moyo wake wonse.

Ku St Petersburg komweko, mu 1914, kudachitika mpikisano womwe umakumbukiridwa mpaka lero. Capablanca adatsogola m'chigawo choyamba, koma m'chigawo chomaliza Lasker adamugonjetsa ndi kutenga chikho ndi mapointi 13½, iye 13, ndipo wachitatu adali mnyamata wa ku Russia, Alexander Alekhine. Pali nkhani yomwe imakambidwa kawirikawiri yoti mfumu ya Russia, Nicholas II, idapereka udindo wa grandmaster kwa anthu asanu omwe adafika m'chigawo chomaliza, omwe ndi Lasker, Capablanca, Alekhine, Siegbert Tarrasch ndi Marshall, koma ofufuza mbiri amaikayikira chifukwa idayamba kulembedwa patapita zaka zambiri. Chotsimikizika n'chakuti bungwe la FIDE, lomwe lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, lidayamba kupereka udindowu mwalamulo m'chaka cha 1950 kwa anthu 27 omwe adali moyo. Choncho Capablanca, yemwe aliyense ankamutcha grandmaster, sadalandirepo pepala lotsimikiza zimenezo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaimitsa mipikisano ku Ulaya ndipo iye adabwerera kutsidya la nyanja. Ku New York, mu Febuluwale 1916, adagonja kwa Oscar Chajes. Kuchokera tsiku limenelo palibe yemwe adamugonjetsanso pa mpikisano mpaka Malichi 1924 pomwe Richard Réti adamugwetsa mumzinda womwewo. Pa zaka 8 zimenezi adasewera magemu 63, kupambana 40 ndi kufanana mphamvu 23. Imodzi mwa magemuwo ndi ya 1918 pomwe Marshall adamutchera msampha womwe adaukonzeratu kunyumba, wopereka dala msilikali mmodzi kuti apeze njira yothira nkhondo pa mfumu ya mnzake. Capablanca adazindikira kuti walowa m'munda wolimidwa kale, komabe adalandira nyamboyo, adadziteteza poganiza pabolodi pomwepo ndipo adapambana. Njira imeneyi imaseweredwabe ndi akatswiri ndipo imadziwika ndi dzina la Marshall, ngakhale kuti tsiku lomwe idatchuka mwini wake adagonja.

Kodi chinsinsi chake chidali chiyani? Omwe amaphunzira magemu ake amadabwa ndi kuphweka kwake. Sankakonda chipwirikiti pabolodi. Ankapeza kamwayi kakang'ono, monga msilikali wa mnzake yemwe waima pamalo ofooka, kenaka n'kumasinthanitsa asilikali mmodzimmodzi mpaka pabolodi patatsala ochepa, ndipo pamenepo kamwayi kaja kankasanduka chipambano. Akuluakulu odziwa bawo amamvetsa bwino luso lotere, loona komwe dzanja likathere munthu asanatole nkhomo m'dzenje. Anthu adamupatsa dzina loti makina a chess, ndipo ambiri ankakhala naye pabolodi atagonja kale mumtima. M'buku lake la Chess Fundamentals la 1921 adayamba ndi kuphunzitsa mathero a gemu, pomwe asilikali atsala ochepa, asanafike pa chiyambi, poona kuti wosadziwa komwe akupita sangasankhe njira. Bukuli likusindikizidwabe, ndipo Mikhail Botvinnik, yemwe adadzakhala katswiri wa dziko lonse mu 1948, ankaliyesa loposa mabuku onse a chess.

Nkhondo itatha zokambirana ndi Lasker zidayambiranso. Mu 1920 Lasker adalengeza kuti wangotula mpando kwa Capablanca popanda kusewera, koma anthu sadakondwe nazo, ndipo mwini wakeyo sadafune ukatswiri wongopatsidwa. Anthu a ku Havana adasonkha madola 20,000 ndipo Lasker, yemwe chuma chake chidaonongeka ndi nkhondo, adavomera kupita. Mpikisanowo udachitika mu Malichi ndi Epulo 1921. Udayenera kukhala wa magemu 24, koma atasewera 14 Lasker adaimika manja, atagonja 4, kufanana mphamvu 10, osapambana ndi imodzi yomwe. Adali ndi zaka 52 ndipo kutentha kwa ku Havana kudamusautsa, koma iye mwini adavomereza kuti wopambanayo adamuposa. Ulamuliro wa zaka 27 udathera pamenepo. Mu Disembala chaka chomwecho Capablanca adakwatira Gloria Simoni Betancourt, ndipo adabereka naye ana awiri.

Zaka zotsatira zidali za ulemerero. Mu 1922 ku Cleveland adasewera ndi anthu 103 nthawi imodzi, kugonjetsa 102 ndi kufanana mphamvu ndi mmodzi. Chaka chomwecho adapambana mpikisano waukulu ku London, ndipo ali komweko adalemba malamulo oyendetsera mipikisano yolimbirana mpando, omwe akatswiri anzake adasainira. Mwa zina, malamulowo ankati woyamba kupambana magemu 6 ndiye katswiri, magemu ofanana mphamvu osawerengedwa, ndiponso kuti mwini mpando sakakamizidwa kusewera pokhapokha wofuna mpandoyo atapeza madola 10,000. Cholinga chidali chabwino, chothetsa mchitidwe woti katswiri azisintha malamulo m'mene wafunira monga ankachitira Lasker. Koma ndalamazo zidali zochuluka zedi, moti Rubinstein ndi Nimzowitsch, omwe adafuna kupikisana naye, adalephera kuzipeza.

Apa mpomwe zizindikiro za kutayirira zidayamba kuoneka. Ku New York mu 1924 adathera pambuyo pa Lasker yemwe ankayesedwa wotha ntchito, ndipo ku Moscow mu 1925 adakhala wachitatu. Ali paulendo womwewo adapita ku Leningrad kukasewera ndi gulu la anthu nthawi imodzi ndipo adagonja kwa mwana wasukulu wa zaka 14, yemwe adali Botvinnik uja. Capablanca ankakonda macheza, zisudzo, tenisi ndi maphwando a akazembe, ndipo ankanyadira poyera kuti sawerenga mabuku a chess kapena kukonzekera ngati anzake. Kumayambiriro kwa 1927 adapambana mpikisano wa ku New York osagonja gemu iliyonse, kusiya Alekhine kumbuyo ndi mapointi 2½, ndipo izi zidangolimbikitsa maganizo ake oti palibe womuopsa.

Alekhine ndiye adapeza madola 10,000 aja, mothandizidwa ndi kalabu ya chess ya mumzinda wa Buenos Aires ndi akuluakulu a dziko la Argentina. Asadakumane kumeneko adali asadamugonjetsepo Capablanca ngakhale kamodzi, pomwe iye adali atagonja kasanu. Koma adakhala miyezi akusanthula magemu a mnzakeyo mmodzimmodzi, ndipo adapeza kuti munthu yemwe ankatchedwa makina ankadalira kwambiri zomwe diso laona msanga, kotero kuti gemu ikatalika ndi kulimba ankaphonya tinthu ting'onoting'ono. Mpikisanowo udayamba pa 16 Sepitembala 1927 ndipo Alekhine adapambana gemu yoyamba. Capablanca adabweza ndi kutsogola, koma mnzakeyo sadagwedezeke. Adalimbana kwa miyezi iwiri ndi theka, magemu 34, ndipo 25 mwa iwo adafanana mphamvu. Pa 29 Novembala, gemu yomaliza itaimitsidwa kuti idzapitirire, Capablanca sadabwerenso pabolodi koma adatumiza kalata yovomera kugonja. Alekhine adapambana 6, iye 3. Padatenga zaka 57 kuti pachitike mpikisano wolimbirana mpando wotalika kuposa umenewu, wa Anatoly Karpov ndi Kasparov womwe udayamba mu 1984.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Alekhine adati ngokonzeka kumupatsa mwayi wobwezera, koma potsatira malamulo a ku London omwewo, osachotsapo ngakhale kadontho. Capablanca adapempha kuti chiwerengero cha magemu chikhale ndi malire, zomwe zidapatsa mnzakeyo chifukwa chonenera kuti akufuna kusintha malamulo omwe adalemba yekha. Makalata adayenda, nthawi idapita, ndipo chuma cha dziko lonse chitagwa mu 1929 madola 10,000 adasanduka phiri losakwereka. Alekhine adasankha kupikisana ndi Efim Bogoljubov kawiri, mu 1929 ndi 1934, kenaka ndi Max Euwe wa ku Netherlands yemwe adamulanda mpando mu 1935 iye n'kuulandanso mu 1937. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa yemwe adalakwa kwambiri. Poyang'ana omwe Alekhine adawasankha, n'kovuta kukana kuti ankamuzemba munthu yekhayo yemwe ankamuopa, ngakhale kuti chida chomwe adazembera adachisula ndi Capablanca mwini. Anthu awiri omwe adali mabwenzi ku St Petersburg adafika posalankhulana, ndipo kwa zaka 9 sadakhalenso pabolodi imodzi.

M'zaka zimenezi adapambana mipikisano ku Berlin, Budapest, Barcelona ndi New York, ndipo mu 1931 adagonjetsa Euwe pa mpikisano wa awiri. Ku Hastings ku England, kumapeto kwa 1930, adagonja kwa Mir Sultan Khan wa ku Punjab, yemwe adabwera ku Ulaya ngati wantchito wa bwana wina wolemera ndipo bungwe la FIDE lidadzamupatsa udindo wa grandmaster waulemu mu 2024, atamwalira kalekale. Capablanca ankadandaulanso kuti akatswiri aidziwa chess mopitirira muyeso kotero kuti magemu onse azidzathera pofanana mphamvu, ndipo adapereka maganizo oti bolodi ikulitsidwe ndi kuonjezerapo asilikali awiri atsopano mbali iliyonse. Maganizowo sadapite patali. Atataya chiyembekezo chobwezera, adasiya mipikisano ikuluikulu kwa zaka zitatu.

Adabwereranso kumapeto kwa 1934, chaka chomwe adakumana ndi Olga Chagodaef, mayi wochokera ku Russia yemwe adamukwatira mu 1938 ukwati wake woyamba utatha. Chaka cha 1936 chidaonetsa kuti luso lidali lidakalipo. Adatenga chikho ku Moscow patsogolo pa Botvinnik, ndipo ku Nottingham adagawana naye malo oyamba pa mpikisano womwe mudali Euwe, Lasker ndi Alekhine. Kumeneko adakumananso ndi mdani wake uja koyamba chichokereni ku Buenos Aires ndipo adamugonjetsa. Koma thupi lidali litayamba kukana. Nthenda yothamanga magazi idamukula, ndipo pa mpikisano wa AVRO ku Netherlands mu 1938, komwe osewera ankasamuka mzinda ndi mzinda pafupifupi tsiku lililonse, adathera pa nambala 7 mwa anthu 8, zotsatira zoipitsitsa pa moyo wake. Tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 50 adagonja kwa Alekhine. Chaka chotsatira adatsogolera timu ya Cuba ku mpikisano wa maiko wa Olympiad ku Buenos Aires ndipo adalandira mendulo ya golide ya wosewera bwino pabolodi yoyamba, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikuyamba ku Ulaya.

Madzulo a pa 7 Malichi 1942 adali ku Manhattan Chess Club akuonerera anzake akusewera pomwe adadandaula mutu ndi kugwa mwadzidzidzi. Adathamangira naye ku chipatala cha Mount Sinai, komwe Lasker adamwalirira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo m'mawa wa pa 8 Malichi adatsirizika, mtsempha wa mu ubongo utaphulika kaamba ka kuthamanga kwa magazi. Adali ndi zaka 53. Thupi lake lidatengedwa kupita ku Havana komwe lidaikidwa mwaulemu waukulu m'manda a Colón, ndipo pamanda pake adaimikapo mwala wosemedwa ngati mfumu ya pa chess. Pa mipikisano yonse yomwe adasewera ali wamkulu, magemu omwe adagonja sakwana 40.

M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Ljubljana ku Slovenia, Matej Guid ndi Ivan Bratko, adaika mu kompyuta magemu a mipikisano yolimbirana mpando kuti aone yemwe kayendetsedwe kake kankafanana kwambiri ndi komwe kompyutayo ikadasankha, ndipo Capablanca ndiye adatsogola. Ena adatsutsa kuti magemu ake adali osavuta kuwerengera chifukwa ankapewa chipwirikiti, mfundo yomwe ofufuzawo adaiganiziranso. Dziko la Cuba lidayambitsa mpikisano wokumbukira dzina lake mu 1962, mothandizidwa ndi Ernesto Che Guevara yemwe panthawiyo adali nduna ya zamafakitale ndipo ankakonda chess. Pa mpikisano wa 1965 boma la America lidakaniza Bobby Fischer chilolezo chopita ku Havana, choncho adasewera ali m'chipinda cha Marshall Chess Club ku New York, kayendetsedwe kake kakutumizidwa pa makina a telex, ndipo wina ku Havana ankamusunthira asilikali pabolodi.